Kodi Madzi Odutsa Ali ndi Mwini?

Madzi amene timachitira wudhu m'mamawa ku Makanjira kapena ku Nkhotakota ambiri mwa iwo ndi alendo. Ena anagwa ngati mvula m'mapiri a ku Tanzania n'kutsika ndi mtsinje wa Ruhuhu, ena anadzera mu Songwe. Akatichokera amalowa mu Shire ku Mangochi, n'kudutsa Malombe, Liwonde, Chikwawa ndi Nsanje mpaka kukathira mu Zambezi m'dziko la Mozambique. Choncho ife a kunyanja tili kumunsi kwa anthu ena, komanso tili kumtunda kwa ena. N'chifukwa chake funso limene limavutitsa akatswiri a malamulo a pakati pa mayiko ndi lathunso: munthu amene madzi amayamba kumufikira, ali ndi ufulu wotani pa madziwo, ndipo ali ndi ngongole yanji kwa amene ali kumunsi?

Mayiko anayesa kuyankha. Mu Meyi 1997 bungwe la United Nations linavomereza pangano la kagwiritsidwe ntchito ka mitsinje ndi nyanja zimene mayiko amagawana. Mayiko 103 anavomera, atatu anakana: China, Turkey ndi Burundi. Yang'anani pa mapu, muona kuti atatuwa ali kumagwero a mitsinje ikuluikulu. Panganolo linayamba kugwira ntchito mu 2014, patatha zaka 17, chifukwa linkadikira kuti mayiko 35 alilandire. Mitu yake ikuluikulu ndi iwiri. Woyamba ukuti dziko lililonse ligwiritse ntchito madzi mwachilungamo ndi mosapyola muyeso. Wachiwiri ukuti dziko liyesetse kusabweretsa chiwonongeko chachikulu kwa anzake. Dziko lofuna kumanga damu lizidziwitsa anzake kaye, ndipo iwo amapatsidwa miyezi 6 kuti ayankhe.

Pa pepala mitu iwiriyi imaoneka ngati mapasa, koma m'moyo imakangana. Wa kumtunda amakonda woyamba, chifukwa umamupatsa gawo lake. Wa kumunsi amakakamira wachiwiri, chifukwa umateteza zimene anazolowera. Pa mtsinje wa Nile zimenezi zili poyera. Mu 1959 Egypt ndi Sudan anagawana madzi a mtsinjewu, Egypt makyubiki mita 55.5 biliyoni pachaka, Sudan 18.5 biliyoni, osaitana Ethiopia, chikhalirecho madzi ochuluka kwambiri ofika ku Egypt amachokera m'mapiri a ku Ethiopia. Mu 2011 Ethiopia inayamba kumanga damu lalikulu pa Blue Nile. Mlimi wa ku Egypt akuti makolo ake athirira ndi madziwa kuyambira kalekale, ndipo kwawo mvula ndi yosowa. Mayi wa kumudzi ku Ethiopia akuti wakalamba akuphikira nkhuni mumdima pamene mtsinje ukudutsa pakhomo pake. Wonama ndani pamenepa? Palibe.

Ife amene tinakhala pansi kuphunzira fiqh, mkangano uwu sutidabwitsa, pakuti unafikapo pamaso pa Mtumiki Muhammad, mtendere ndi madalitso a Allah zikhale pa iye. Zubair bin al-Awwam anakangana ndi munthu wina wa ku Madina pa za kamtsinje kothirira mitengo ya tende. Munda wa Zubair unali kumtunda. Mtumiki anamuuza kuti athirire, kenako awasiye madzi apite kwa mnzake. Munthu uja anakwiya, n'kunena kuti chiweruzocho chakondera chifukwa Zubair anali mwana wa azakhali ake a Mtumiki. Pamenepo Mtumiki anamupatsa Zubair ufulu wake wonse, kuti atseke madzi mpaka afike m'mizere ya munda, kenako awatsegule. Pa mlandu wa chigwa cha Mahzur muyeso unatchulidwa: madzi afike mu akakolo, wa kumtunda awasiyire wa kumunsi.

Taonani chimene chili m'chiweruzochi. Wa kumtunda sanalandidwe mwayi umene malo ake anamupatsa. Iye ndiye woyamba. Koma kuyamba kwakeko kuli ndi polekezera, ndipo polekezerapo ndi poti aliyense angathe kupaona ndi maso, ngakhale wosadziwa kuwerenga. Ma ulama a pambuyo pake anaonjezera mfundo imene Egypt ingaikonde: ngati wa kumunsi ndiye anayamba kulima, ndipo wina wabwera mochedwa kudzatsegula munda kumtunda, wakaleyo ndiye woyamba kuthirira. Anasiyanitsanso ufulu wothirira munda ndi ufulu wa ludzu. Wa munda ukhoza kuchepetsedwa. Wa ludzu, wa munthu ndi chiweto chake, sumanidwa. Pangano la 1997 nalonso likuti ntchito za madzi zikawombana, zosowa zofunika pa moyo wa munthu ziganiziridwe mwapadera.

Ife tikuona kuti pamene pangano la mayiko lafooka ndi pa akakolo pomwepa. Mawu akuti chilungamo ndi muyeso ndi okoma, koma dziko lililonse limawakokera kwake ngati chitenje chimodzi chofunda anthu awiri. Ku Madina kunali woweruza amene onse awiri anapita kwa iye. Pakati pa mayiko, khoti la ku The Hague limaweruza okhawo amene avomera kuweruzidwa. Hungary ndi Slovakia anavomera, ndipo mu 1997 khotilo linagamula mlandu wawo wa madamu a pa Danube. Egypt ndi Ethiopia akungokambirana n'kumabalalika.

Kwathu kuno nkhani imene imatentha ndi ya malire. Pangano la 1890 la pakati pa Britain ndi Germany linaika malire m'gombe la kum'mawa, ndipo Malawi waima pamenepo; Tanzania ikuti malire adutse pakati pa nyanja, monga momwe Britain ndi Portugal anagwirizanirana mu 1954 pa mbali ya Mozambique. Mkanganowu unabuka mwamphamvu mu 2012 pa nkhani yofufuza mafuta, ndipo mkhalapakati Joaquim Chissano ndi anzake sanauthetse. Sitikuweruza mlanduwo pano. Tikungoti malire ndi funso lina, madzi ndi funso lina. Ngakhale nyanja yonse ya kumpoto itagamulidwa kukhala yathu, mwana wa ku Mbamba Bay adzamwabe momwemo, ndipo chiphunzitso chathu, chimene chimaika madzi pamodzi ndi msipu ndi moto ngati zinthu za anthu onse, sichingatilole kumuthamangitsa. Mafuta atatayika, usipa sudzafunsa kuti mzere wadutsa pati. Mayiko a SADC anasainirana pangano lawo la madzi ogawana mu 2000, ndipo mu 2004 panabwera pangano lokhazikitsa bungwe loyang'anira chigwa cha Zambezi, chimene mayiko 8 amagawana. Nyanja yathu ili m'chigwa chimenechi, kaya malire ali pati.

Kuloza Egypt ndi Ethiopia n'kosavuta. Chovuta n'kukumbukira 2024, pamene nyanja inakwera n'kulowa m'nyumba, m'minda ndi m'malo ogona alendo ku Mangochi ndi madera ena a m'gombe. Ambiri a ife tinafuula kuti zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde zitsegulidwe zonse. Kulira kwathu kunali koona, pakuti makoma ankagwa. Koma damu limeneli, lomangidwa mu 1965, limasunga madzi oyendetsa makina a magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo akuluakulu amadziwa kuti pakati pa 1915 ndi 1935 nyanja inatsika kwambiri moti Shire analeka kutuluka. Komanso madzi otsegulidwa ku Liwonde sasowa mumlengalenga. Amakafika m'madimba a ku Chikwawa ndi Nsanje, n'kupitirira kwa alimi a ku Mozambique. Tsiku limenelo Zubair tinali ifeyo, kungoti m'malo motseka madzi tinkafuna kuwakhuthulira mnansi. M'zokambirana zathu pambuyo pa swala tinatchula nyumba zathu, mabwato athu ndi mpunga wathu. A ku Nsanje tinawatchula mwa apo ndi apo. A ku Mutarara sitikukumbuka kuti alipo anawatchula.