Ndani Ayesa Sikelo?

Bambo anga, amene kwathu ku Mwazisi timawaitana kuti adada, sapita kwa mavenda kukagulitsa nyemba kapena soya popanda paketi ya shuga m'thumba la jekete. Si ya tiyi ayi. Akafika pa sikelo, asanakoloweke thumba lawo, amayamba akoloweka kaye kajumbo ka shuga uja n'kuyang'anitsitsa ngati muvi waima pa kilogalamu imodzi. Ukaima pamenepo, malonda ayambe. Ukapereweza, amasenza katundu wawo n'kupita kwa venda wina, osatukwana munthu. Tili ana khalidwe limeneli linkatichititsa manyazi zedi, poti anzathu ankatiseka kuti ndife ana a mdala wa shuga.

Ndakumbuka zimenezi chifukwa cha zomwe ndinaona m'mwezi wa June chaka chatha, pamene ine ndi mlongo wanga wamng'ono tinakumana kumudziko kudzaona amayi omwe sankapeza bwino. Inu a m'tauni amene simunafikeko, Mwazisi ali kumadzulo kwa boma la Rumphi, kupitirira Bolero, kufupi ndi nkhalango ya Vwaza. Ndi dera la fodya, ndipo nyengo imeneyo nkhani ya pakamwa pa aliyense imakhala ya mabelo opita ku okushoni ku Mzuzu ndi ya ngongole zoyembekeza kubwezedwa.

Mlongo wangayo amagwira ntchito ya kontilakiti pa kampani ina ku Lilongwe, yomwe imakonza pulogalamu ya kompyuta yolembera ngongole za alimi: watenga feteleza wochuluka bwanji, wabweza zingati pa foni, kwatsala zingati. Iye ntchito yake ndi kuyesa pulogalamuyo. Ndinkaganiza kuti amakhala pansi kudina mabatani tsiku lonse, koma anandifotokozera kuti masiku ano sizitero. Amalemba timapulogalamu tina ting'onoting'ono, mazanamazana, ndipo kalikonse kamafunsa funso limodzi lokha. Mwachitsanzo, mlimi akabweza K20,000 pa ngongole ya K100,000, kodi kwatsaladi K80,000? Nthawi iliyonse munthu akasintha kanthu m'pulogalamu yaikuluyo, timayeso tonseti timadzithamangira tokha. Yankho likakhala lolondola pamaoneka chizindikiro chobiriwira, likalakwika pamaoneka chofiira. Kunena mwachidule, ndi sikelo yoyezera ntchito ya anthu olemba mapulogalamu.

Tsono panali kayeso kamodzi kovuta. Masiku ambiri kankabiriwira, koma mwa apo ndi apo kankafiira popanda aliyense kusintha kanthu, ndipo ukakathamangitsanso m'mawa mwake kankabiriwiranso ngati sikanalakwepo. Anthu a ntchitoyi kayeso kotere amakatcha flaky, ife tingati kopanda mbali. Ku ofesi anali atakazolowera monga timazolowerera galu wouwa mwezi. Koma ku Mwazisi kanafiira mausiku atatu otsatizana. Bwana wake anamulembera uthenga pa foni, ndipo anandionetsa: "Kazimitseni kameneko, kakungotichedwetsa. Lachisanu tikutulutsa."

"Achimwene," anatero mlongo wanga, "kuzimitsa n'kosavuta, ndi mzere umodzi basi. Koma ndikazimitsa ndiye kuti ndanena kuti wabodza ndi kayesoka. Nanga ngati wabodza ndi pulogalamuyi?"

Funso limeneli ndi limene landikhazika pansi kulemba. Chida choyezera chikatsutsana ndi chinthu choyezedwa, timakhulupirira chiti, ndipo n'chifukwa chiyani kawirikawiri timakhulupirira chomwe chikutilola kupita kunyumba msanga?

Yankho la vuto lakelo linapezeka usiku wachinayi, ndipo linabwera chifukwa cha umphawi wa kwathu komweko. Pakhomo pathu netiweki imakoka bwino pakati pausiku, choncho iye ankagwira ntchito pamene ena agona, laputopu pamiyendo, bulangete kumutu. Anayamba kulemba nthawi yomwe kayesoko kafiira, ndipo anaona kuti nthawi zonse kankafiira pakati pa 12 koloko ndi 2 koloko usiku. Kompyuta yaikulu yosunga zonse, imene amati seva, inkayendera wotchi ya dziko lonse yotchedwa UTC, ndipo nthawi ya ku Malawi ili patsogolo pa wotchi imeneyo ndi maola awiri. Ndiye kuti kuno ikakwana 1 koloko usiku pa 1 July, seva imati ndi 11 koloko usiku pa 30 June. M'maola awiri amenewo ife tili mawa, makina ali dzulo. Kayesoko kankafunsa ngati ndalama yolipidwa lero yalembedwa lero, ndipo kankanena zoona zokhazokha kuti ayi. A ku ofesi sankaona kawirikawiri chifukwa iwo amagwira ntchito masana.

Taganizani tanthauzo lake. Mlimi wa ku Mwazisi amene wadikira pakati pausiku kuti foni ikoke, n'kutumiza gawo lake la mwezi watsopano pa tsiku loyamba la mweziwo, ndalama yake ikanalembedwa m'mwezi wathawo. Mwezi uno akanaoneka ngati sanapereke, chindapusa n'kumugwera. Akanapita kukadandaula, kalaliki akanamutembenuzira kompyuta n'kunena mawu amene tonse tawamvapo pa kauntala: "Bambo, makina ndi amene akutero." Ndipo kalalikiyo sakananama. Galu wamkota sakandira pachabe, koma galu ameneyu anali atatsala mzere umodzi kuti amangidwe pakamwa.

Musaganize kuti izi ndi za timakampani ta kuno tokha. Pa 19 July 2024 kampani ya ku America yotchedwa CrowdStrike, yomwe ntchito yake ndi kuteteza makompyuta, inatumiza kafayilo kolakwika kwa makasitomala ake, ndipo malinga ndi Microsoft makompyuta pafupifupi 8.5 miliyoni anaima. Ndege zinalephera kunyamuka, zipatala zina zinaimika ntchito. Kampaniyo inali nacho chida choyesera mafayilo otere asanatumizidwe, ndipo iyo yomwe inavomereza pambuyo pake kuti m'chida choyeseracho munali cholakwika, kotero chinavomereza chinthu chomwe chinayenera kukanidwa. Sikelo inati kilogalamu pamene panalibe kilogalamu.

Koma nkhani imene imandiwawa mtima kwambiri ndi ya ku Britain. Kuyambira 1999 mpaka 2015, anthu oposa 900 oyendetsa mapositi ofesi ang'onoang'ono anazengedwa milandu ya kuba ndi chinyengo chifukwa pulogalamu yotchedwa Horizon, yopangidwa ndi kampani ya Fujitsu, inkaonetsa kuti ndalama zasowa. Ena anamangidwa, ena anagulitsa nyumba kuti abweze ndalama zomwe sanatenge, ena anadzipha. Mu 2019 khoti lalikulu ku London linapeza kuti pulogalamuyo inali ndi zolakwika zambiri, ndipo mu 2024 nyumba ya malamulo inachita kukhazikitsa lamulo lofafaniza milanduyo. Zaka zonsezo, munthu akati sindinabe, makina n'kuti waba, akuluakulu ankasankha makina. Anthuwo anali amoyo, okhala ndi maina ndi mbiri yabwino m'midzi yawo, koma mawu awo analemera pang'ono kuposa nambala ya pa galasi.

Apa pali chinthu chimene ndachisinkhasinkha kwa nthawi. Timakonda kunena kuti makina sakondera, alibe mlamu, salandira chiphuphu. N'zoona, ndipo n'chifukwa chake timawafuna. Ine ndemwe ndimakonda kulipira pa foni kusiyana ndi kupereka ndalama m'manja mwa munthu wopanda lisiti. Koma makina amangofunsa mafunso omwe munthu anawapatsa, ndipo funso lomwe munthu sanaliganizire silifunsidwa. Katswiri wa makompyuta wa ku Netherlands, Edsger Dijkstra, ananena kalekale cha m'ma 1970 kuti kuyesa kumatha kuonetsa kuti cholakwika chilipo, koma sikungatsimikize kuti palibe. Chobiriwira chija sichitanthauza kuti zonse zili bwino. Chimangotanthauza kuti pa mafunso omwe tafunsa sitinagwire kanthu. Vuto ndi lakuti mtima wa munthu umamva chobiriwira ngati chikhululukiro, ndipo chofiira ngati mwano.

Mlongo wanga atapeza nkhani ya wotchi ija sanalekere pomwepo, ndipo chimene anachita kenako ndicho chinandikumbutsa paketi ya adada. Anati, ngati ndakhala ndikukayikira kayeso kofiira, nanga tobiriwirati ndinatikayikirapo? Anatenga pulogalamu ija n'kuiwononga dala, pa kope lake lapadera: pomwe panayenera kuchotsera anaika kuphatikiza, kuti mlimi akabweza ngongole izikula m'malo mochepa. Njira imeneyi ndi yodziwika pa ntchito yawo, akuti inayamba m'zaka za m'ma 1970: umadzala cholakwika chomwe ukuchidziwa kuti uone ngati mlonda achigwire. Timayeso tambiri tinafiira monga kuyenera. Koma tiwiri tinakhalabe tobiriwira, phee. Atatitsegula anapeza kuti amene anatilemba anaiwala kuikamo funso lenilenilo. Tinkathamanga, osayerekeza kanthu ndi kanthu, n'kulengeza kuti zonse zili bwino. Kaya tinakhala choncho miyezi ingati. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Ndiye onani mmene zinthu zinaliri: kayeso konena zoona kanali pafupi kuchotsedwa ntchito chifukwa chosokosa, pamene tiwiri tosagwira ntchito tinali pa mtendere chifukwa sitinakhumudwitsepo munthu. Sindikufuna kulowetsa ndale m'nkhani ya makompyuta, koma amene tinabadwa kumapeto kwa ulamuliro wa chipani chimodzi tinakula tikumva kwa makolo zomwe zinkachitikira munthu wofiira pamsonkhano. Ndipo mu 2013, pa nkhani ya Cashgate, boma linali nayo pulogalamu yake yoyendetsera chuma, IFMIS, koma anthu ankalowetsamo malipiro abodza, cheke n'kutuluka, kenako n'kufufuta mapazi awo. Ofufuza a Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinapita m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Makina analipo. Chimene chinasowa ndi munthu wofunsa makinawo funso lovuta n'kumvedwa.

Komabe ndisanamizire kuti bwana uja anali munthu woipa. Anali ndi tsiku lomwe analonjeza makasitomala, anali ndi antchito oyembekeza malipiro, ndipo n'zoona kuti timayeso tina timafiira pa zifukwa zachabechabe, monga intaneti kudukiza, moti munthu atati azitsatira chofiira chilichonse mpaka kumapeto sangatulutse kanthu chaka chonse. Kukayikira nakonso kuli ndi malire. Ndinawafunsapo adada kuti, nanga paketi yanu ya shugayo anaiyeza ndani? Anaseka n'kuti, "Mwana wanga, ukafuna kuyeza chilichonse udzafa ndi njala nyemba zili m'thumba." Amadziwanso bwino kuti venda wochenjera angathe kukonza sikelo yoona pa kilogalamu imodzi koma yonama pa makilogalamu 50, monga momwe kampani ya Volkswagen inagwidwira mu 2015 itaika m'magalimoto ake pulogalamu yozindikira kuti tsopano tikuyesedwa, n'kuchepetsa utsi nthawi ya mayeso yokhayo. A bungwe la Malawi Bureau of Standards ndiwo ali ndi udindo woyeza masikelo a malonda, koma sangakhale pa msika uliwonse m'mawa uliwonse. Pamapeto pake munthu umayenera kukhulupirira kanthu kena n'kugulitsa.

Kusiyana kumene ndikukuona n'kwakuti adada akakhulupirira sikelo molakwa, oluza ndi iwo eni, nyemba ndi zawo. Koma bwana wa ku Lilongwe akazimitsa kayeso, iye saluza kanthu. Woluza ndi mlimi amene sanamuonepo, amene sadziwa n'komwe kuti kunali kayeso, ndipo alibe paketi ya shuga yoti angakoloweke pa seva. Pamenepa mpomwe ndikuti nkhaniyi yachoka pa luso n'kufika pa chikumbumtima. Munthu uli ndi ufulu wotaya chako mwa ulesi, koma kutseka maso pa sikelo yoyezera katundu wa mnzako ndi nkhani ina. Ndipo chimandidetsa nkhawa n'chakuti mtolo wonsewu unagwera mtsikana wa kontilakiti ya miyezi isanu ndi umodzi, amene akanatha kuuzidwa kuti zikomo, tapeza wina womvera.

Lachinayi usiku analemba lipoti lake. Sanakalipe, sanalalikire. Anangolemba maola, masiku, chitsanzo cha mlimi wolipira 1 koloko usiku pa tsiku loyamba la mwezi, ndi maina a timayeso tiwiri tija. Anawonjeza kuti kukonza wotchiyo kungatenge masiku awiri, ndipo kuti iye kayesoko sakazimitsa. Ngati wina akufuna kutero, atero ndi dzina lake. Anandiwerengera kawiri, dzanja likunjenjemera pang'ono, kaya ndi chisanu cha June kaya ndi china, kenako anatuluka panja pafupi ndi chigafa pomwe foni imakoka, n'kutumiza.

Yankho linabwera m'mawa, mawu awiri okha: "Tikambirana Lolemba." Lachisanu sanatulutse. Kontilakiti yake itatha mu September anamuwonjezera miyezi itatu yokha, osati isanu ndi umodzi monga kale, ndipo palibe anamuuza chifukwa.

Tsiku lomwe tinkanyamuka, adada anatiperekeza kokwerera galimoto atanyamula thumba la soya pa njinga. Amayi, omwe anali atayamba kupeza bwino, anawakuwira ali pakhonde kuti shuga wa m'nyumba watha, asiye paketi ija. Adada anagwira thumba la jekete n'kuyankha kuti agula ina pobwera.