Kodi Wobwerako Chimanjamanja Ndiye Wosalakwa?

Kuchoka kunyanja pa boma la Nkhotakota, kukwera cha kumadzulo, kuli nkhalango yosungirako nyama zakutchire ya Nkhotakota, yaikulu masikweya kilomita pafupifupi 1,800. Msewu wa M18 wopita ku Kasungu umadutsa m'kati mwake, motero anthu ambiri adaionera pa zenera la minibasi. Oiyenda wapansi ndi owerengeka. Wofuna kutero sapita yekha, amatsogozedwa ndi mlonda wonyamula mfuti, pakuti muli njovu ndi njati. Kawirikawiri ulendowo umakhala wozungulira: munthu amatsata mtsinje wa Bua, kulowa m'mitengo, kudutsa m'dambo, mpaka kutulukira pomwe adayambira.

Ndi ulendo wokoma. M'mphepete mwa Bua mlonda amaonetsa pamene ng'ona idaothera dzuwa ndi pamene njovu zidatsetserekera kukamwa madzi. Kumtunda kuli mitengo ya mombo, tsamba ndi masuku, ndipo cha mu Seputembala ndi Okutobala, mvula isanagwe, masamba anthete amatuluka ofiira ngati nkhalango yayaka moto. M'dambo udzu wa tsekera umatalika kuposa munthu. Lamulo la mlendo ndi losavuta: asathyole kanthu, asatole kanthu, asataye kanthu. Amabwerako ndi zithunzi za pa foni ndi miyendo yotopa basi.

Nkhalango imeneyi idatsala pang'ono kutha nyama. Njovu zomwe kale zidali zoposa 1,500 zidachepa mpaka kusakwana 100 chifukwa cha opha nyama mozembera malamulo. Mu 2015 boma lidagwirizana ndi bungwe la African Parks kuti liziyendetsa malowa, ndipo mu 2016 ndi 2017 njovu pafupifupi 500 zidasamutsidwira kumeneko pa magalimoto kuchokera ku Liwonde ndi ku Majete. Adamanganso mpanda wamagetsi. Komatu mpanda uli ndi mbali ziwiri. Kunja kwake kuli midzi, ndipo njovu ikauboola, usiku umodzi wokha munda wa chinangwa watha, kondowole wa banja lonse wapita.

Funso lagona apa. Mkhristu wa m'tauni amene walipira pa chipata, wayenda mwaulemu, wabwerako chimanjamanja, akamva za misampha ya waya ndi za anthu ogwidwa akudula mitengo, mtima wake umafulumira kuweruza. Iye sadatenge kanthu, iwo ndiwo owononga. Kodi ndi zoona?

Njira yozungulira imamubweza munthu pamene adachokera, ndipo kwa ambiri a m'tauni kumeneko ndi pakhomo pamene pali mbaula ndi thumba la makala lotsamira khoma. Makalawo mwina sadachokere ku Nkhotakota, kumene kuli mpanda ndi alonda. Adachokera ku nkhalango zina za mitengo yomweyo zimene zilibe woziteteza mokwanira, monga Dzalanyama, kumene kumayambira mtsinje wa Lilongwe umene anthu a mumzinda amamwa madzi ake. Wootcha makala sangagwetse mitengo, kufukiza uvuni masiku angapo ndi kukankha njinga usiku wonse popanda wogula. Akagwidwa, wolandidwa njinga ndi kukaima pa bwalo la milandu ndi iyeyo. Wogula uja ali phee pa benchi la m'tchalitchi, malaya osita bwino ndi ayironi ya makala omwewo.

Wina atha kuyankha kuti, nanga aphikire chiyani? Gasi ndi wodula, magetsi ambiri alibe, ndipo amene ali nawo amadziwa mmene amazimira nsima ili pamoto. Yankho limeneli ndi loona ndithu, ndipo Mpingo suphunzitsa kuti onse amalakwa mofanana. Kukula kwa mlandu kumadalira zimene munthu akudziwa ndi ufulu umene ali nawo wochita mwina. Mayi wamasiye wokazinga mandasi kuti alipirire ana sukulu sangaikidwe pa sikelo imodzi ndi banja limene lili ndi galimoto, kuka yamagetsi ndi botolo la gasi, koma limagulabe matumba awiri pa mwezi poti nyemba za pa mbaula zimakoma. Ndipo kunena mosapsatira, amene amatha kupeza ndalama ya mafuta ndi ya pachipata kuti akayende m'nkhalango kawirikawiri ndi a gulu lachiwirili.

Mu 2015 momwemo Papa Francis adalemba kalata ya Laudato Si', imene imaphunzitsa kuti kuwonongeka kwa chilengedwe ndi kuvutika kwa osauka ndi nkhani imodzi. Pa Nkhotakota zimenezi zimaoneka ndi maso. Bowa wa m'nkhalango amene amayi amagulitsa m'mbali mwa msewu nthawi ya dzinja amamera mothandizana ndi mizu ya mitengo yachilengedwe, ndiye mitengoyo ikatha, bowa nayenso amasowa. Nsomba ya mpasa imachoka m'nyanja nyengo ya mvula kukwera m'mitsinje kukaikira mazira pa timiyala, ndipo Bua ndi umodzi mwa mitsinje yochepa imene ikuilandirabe. Kumtunda kukakhala kopanda mitengo, dothi limakokoloka n'kukwirira timiyala timeneti. Msodzi wa kunyanja amene sadagwireko nkhwangwa ndiye amabwerako ndi bwato lopanda kanthu.

Sikuti ulendo wa m'nkhalango ndi chinyengo ayi. Achinyamata a parishi kapena a mphakati akakonza zopita, apite ndithu. Ndalama ya pachipata imathandiza kusamala malowa, ndipo mwana wobadwira ku Kawale kapena ku Area 25 ayenera kuona kamodzi mtengo wa mombo uli chilili, asanauone uli m'thumba. Chimene ulendowo sungam'patse munthu ndi chilolezo choweruza wokhala kuseri kwa mpanda asanawerenge matumba ake. Ngakhale parishi ili ndi zowerenga. Pa tsiku la nkhoswe ya parishi, pa maukwati, pa misonkhano ya mabungwe ndi pa m'bindikiro wa achinyamata pamaphikidwa miphika ikuluikulu, ndipo matumba a makala ndi ngolo za nkhuni zimene zidagulidwa chaka chatha zidalembedwa m'buku la msungichuma.