Kusenza Chitonzo cha Khristu

Werengani Mateyu 5:11, Aroma 15:3, Ahebri 13:12, 13, Yakobo 1:5.

Liwu limene Baibulo lathu limamasulira kuti “chitonzo” m’Chigriki ndi oneidismos, ndipo mneni wake ndi oneidizo. Tanthauzo lake ndi kumponyera munthu mlandu pamaso ndi cholinga choti achite manyazi pagulu, dzina lake liipe. Oneidismos lipezeka kasanu m’Chipangano Chatsopano, katatu mwa iko m’kalata ya Ahebri, yolembedwa kwa okhulupirira amene anatsala pang’ono kubwerera m’mbuyo.

Ife a m’mbali mwa nyanja kuno ku Nkhotakota tichidziwa chitonzo chimenechi. Lachisanu dzuwa likamalowa, asodzi akonza nyali ndi chilimira kunka ku usipa, koma mbale wathu akokera bwato lake pamchenga. Anzake amseka nati, “Kodi ana ako adzadya Sabata?” M’mawa mwake ngalawa zibwera zodzaza, iye alibe kanthu. Njala ipweteka ndithu, koma kusekedwa pamaso pa mkazi ndi ana kupweteka koposa.

Kodi Mose analiyesa chiyani tonzo lotere? Ahebri 11:26.

Taonani kuti Paulo, potchula Masalmo 69:9, aphunzitsa kuti matonzo olunjika kwa Mulungu anagwera Khristu. Ngakhale achifwamba opachikidwa naye anamtonza ndi liwu lomweli (Mateyu 27:44). Chotero mbale wa pagombe uja sasenza yekha. Mnyozowo unayamba wafika pa Mbuye wake, amene anamva zowawa kunja kwa chipata, natiitana kuti timtsate komweko.

Komabe tisamale. Madalitso a pa Mateyu 5:11 ali a iwo otonzedwa monama ndi chifukwa cha Yesu. Ngati atinyoza popeza sitinabweze ngongole, kapena tinachepetsa muyeso pogulitsa mpunga, chimenecho si chitonzo cha Khristu ayi. Tiyenera kulapa ndi kubweza. Mneni yemweyu agwiritsidwanso ntchito pamene Yesu anadzudzula Korazini, Betsaida ndi Kapernao, midzi ya ku nyanja ya Galileya imene inaona zamphamvu zake koma osalapa (Mateyu 11:20-24). Kudzudzula kwake kunali koona, ndipo nyozo loona tisalitche chizunzo.

Chitonthozo chathu chili pa Yakobo 1:5. Pamenepo tiphunzira kuti Mulungu popatsa nzeru satonza wopemphayo. Tonse tidziwa kuwawa kwa ufa wopemphedwa kwa mnansi amene mawa adzatikumbutsa pamaso pa anthu. Atate wathu sali wotero. Ndipo ngati tilandira kwa Iye mosatonzedwa, tingatonze bwanji mlongo wosabereka, pamene Elisabeti anatchula manyazi ake ndi liwu la mtundu womwewu (Luka 1:25)?

Funso lolingalira: Kodi m’kalasi mwathu alimo amene anataya malonda kapena ntchito chifukwa cha Sabata? Nanga sabata ino tidzamthandiza ndi chiyani, mosamkumbutsa pambuyo pake?