Za Msampha wa Fisi

Fisi akathyola khola usiku ndi kutenga mbuzi ya mkazi wamasiye, mudzi wonse ubvomerezana kuti afe. Malembo satsutsa mau amenewa, pakuti Davide, poweta nkhosa za atate wace, anapha mkango ndi cimbalangondo (1 Samueli 17). Koma Davide analondola cirombo comweco cimene cinagwira nkhosa, nacipha pomwepo.

Msampha wa waya sutero, pakuti ulibe maso. M'cigwa ca Luangwa waya wochera mphala ndi nguluwe wakola mikango, afisi ndi mimbulu yosalawa konse mbuzi ya munthu; ndipo mwini msampha akacedwa kukauzonda, nyama igona masiku ndi ludzu, waya alikudya khosi lace. Woika mankhwala akupha pa ng'ombe yakufa aposa pamenepa, cifukwa miimba ifera pomwepo, ndi garu wa mnansi wace yemwe.

Fisi sacimwa pakumva njala. Anamlenga ndi Iye amene anapangana ndi Nowa, ndi zamoyo zonse zoturuka m'cingalawa. Mkristu woweta asanachere, ayambe wazungulira khola lace. Kawirikawiri fisi alowera pa mtengo umene ciswe cinaudya kale.