Makina a Aneba: Mfundo Zofunika Kuchokera ku Chisenga

Ku Chisenga, m'munsi mwa mapiri a Mafinga kumene dziko lathu limachita malire ndi Zambia, chovala chikang'ambika sichitayidwa. Chimapita pakhonde pamene pali makina osokera. Pamakonde oterewa, abale anga, pamafikanso anthu akuluakulu, ena a imvi kumutu, odzapempha kuti aphunzire kusoka. Tiyeni tilingalire limodzi za ophunzirawa ndi za aneba amene amawalandira.

1. Manyazi asatimane luso. Ambiri mwa ife tinasiyira sukulu panjira chifukwa cha fizi, maphunziro aulere a ku pulayimale asanayambe mu 1994. Bungwe la TEVETA linakhazikitsidwa mu 1999, ndipo makoleji a ntchito zamanja a m'madera anayamba kutsegulidwa mu 2015. Zonsezi ndi zabwino. Koma kodi mayi wa ana asanu, amene munda wa chimanga ndi nyemba ukumuyembekeza, angasiye khomo lake n'kukakhala m'kalasi? Koleji yake ndi khonde la mnansi. Tsiku loyamba amapalasa makina opanda ulusi, gudumu n'kumabwerera m'mbuyo, ana n'kumaseka kuseri kwa nkhokwe. Amene amabwereranso mawa lake wagonjetsa kale mdani wamkulu. Zaka sizimaumitsa zala monga mmene amaziumitsira mantha akuti anthu ati chiyani.

2. Wotiphunzitsa wataya zambiri kuposa zimene tikuona. Apa tiime pang'ono, chifukwa timapadutsa mofulumira. Makina aja, kaya ndi Singer kaya ndi Butterfly, sanagwe kuchokera kumwamba. Mwina anagulidwa ndi ngongole ya ku banki mkhonde, mwina ndi zokolola za chaka chathunthu. Singano ikathyoka m'manja mwa wophunzira, kapena lamba akaduka, kupeza china nthawi zina kumafuna ulendo wa ku Chitipa boma, ndipo msewu wa m'dzinja tonse timaudziwa. Mwezi wa September sukulu zikamatsegulidwa, nthawi imene ife takhala pampando wa telala ndi yunifolomu imene iye sanasoke, ndalama ya mchere ndi sopo imene sanalandire.

Palinso china chachikulu. Makasitomala m'mudzi ndi owerengeka, ndipo kaunjika anatenga kale ambiri. Mnansi akamatisonyeza kadulidwe ka bulauzi ndi kaikidwe ka zipi, akudziwa bwino lomwe kuti akulera munthu amene mawa adzagawana naye makasitomala omwewo. Akudziwa, koma akusenderabe kuti tikhale. Ndani wa ife angachite zimenezi mtima osanyinyirika? Ine ndimaona kuti kukoma mtima kotere kumaposa kupatsa munthu mbale ya ufa, pakuti wopereka ufa amadziwa pamene mphatso yake ithere, koma wophunzitsa luso sadziwa kuti adzatayapo zingati.

3. Kumasula msoko n'kuphunzira. "Amayi, apa pakhota, masulani muyambirenso." Mawu amenewa amawawa, makamaka akachokera kwa munthu wochepa msinkhu kwa ife. Komatu mphunzitsi amene amayamikira msoko wokhota sakutifunira zabwino. Tilandire chidzudzulo, timasule ulusi, tiyezenso ndi tepi tisanagwire sizasi. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

4. Kuthokoza kuoneke m'zochita. Zikomo wa pakamwa ndi woyenera, koma asathere pomwepo. Tikamaliza, tipukute makina, tithire mafuta, tisese tizidutswa ta nsalu. Tikathyola singano tigule ina osadikira kuti atikumbutse. Nthawi yopalira ikafika, tinyamule khasu tikathandize m'munda mwa aneba, popeza masana awo ambiri anathera pa ife. Ndipo tsiku limene tidzagule makina athu, khalidwe lathu lidzayesedwa kwenikweni. Kodi tidzagwetsa mtengo kuti tiwalande makasitomala? Kodi tidzanong'oneza anthu kuti masokedwe awo ndi achikale? Ayi ndithu. Ntchito ikatikulira, monga diresi la ukwati kapena jekete, titumize mwini wake kwa amene anatiphunzitsa, ndipo tinene poyera kuti luso lathu linachokera kwa iwo. M'buku la Machitidwe, mutu 9, Dorika wa ku Yopa atamwalira, akazi amasiye anaonetsa Petulo zovala zimene iye anasoka ali moyo. Umboni wawo unali wogwirika ndi manja. Ife tili ndi mwayi wochitira umboni mnansi wathu akadali ndi moyo, akumva ndi makutu ake.

5. Ifenso tisendere, wina akhale. Tikayang'ana bwino m'mudzi mwathu tiona amene akuyembekeza: mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha mimba, bambo wamasiye amene ana ake akuyenda ndi makabudula ong'ambika m'chisanu cha June ndi July, mnyamata wobwera kuchokera ku Nakonde kapena ku Johannesburg chimanjamanja. Ena a iwo sangapemphe okha, chifukwa manyazi aja amene anatigwira ife awagwiranso. Choncho tiwaitane ndife. Tisafunse kuti ndi Mlambya, Mnyiha kapena Mtumbuka, kapena kuti amapemphera kuti. Chitipa ndi boma la zilankhulo zambiri, ndipo takhala tikubwerekana moto kuyambira kale. Sizifuna chuma chambiri. Tipatule masana amodzi pa sabata, tisunge zotsala za zitenje m'thumba kuti aziphunzirirapo, ndipo tiwauze abwere ndi chovala chong'ambika cha kunyumba kwawo. Ayambe ndi kuika chigamba ndi kusokerera batani pamanja, kenako akhale pa makina, ife titaima pambali ndi dzanja pagudumu mpaka mapazi awo atazolowera.