Musa Anapempha Womuyankhulira



Mu Surat Al-Qasas, Allah atamutuma Mneneri Musa (alayhi salaam) kwa Firauna, Musa anatchula zinthu ziwiri: kuti ku Iguputo anali ndi mlandu wa munthu amene anafera m'manja mwake, ndiponso kuti m'bale wake Haruna ankayankhula bwino kuposa iye. Anapempha kuti apite naye, ndipo Allah anavomera. Ndiye ine ndimati, ngati Mneneri anafuna womuthandiza kuyankhula pamaso pa olamula, nanji mnyamata wa kabaza amene waima m'khoti koyamba, Chingerezi cha malamulo osachimva?

Malamulo oyendetsera dziko la Malawi a 1994, pa gawo 42, amati munthu womangidwa ali ndi ufulu wokhala chete, wokaonekera kukhoti pasanathe maola 48 (akathera tsiku lomwe khoti silikugwira ntchito, pa tsiku loyamba lotsegulira), komanso woimiridwa ndi loya. Pamene chilungamo chikufuna kutero, loyayo amalipiridwa ndi boma. Ntchito imeneyi imagwiridwa ndi Legal Aid Bureau, yomwe ili ndi maofesi ku Lilongwe, Blantyre, Zomba ndi Mzuzu.

Vuto ndi lakuti maloyawo ndi ochepa, milandu ndi yambiri, ndipo osauka ambiri sadziwa n'komwe kuti angapemphe. Wina amavomera mlandu poganiza kuti zithe msanga. Wina amakhalitsa pa rimandi ku Maula kapena ku Chichiri, ana kunyumba akugona ndi njala.

Mwina wina ati, "Bwanji kuimira wakuba?" M'bale wanga, woganiziridwa si wolakwa mpaka umboni utamveka. M'Chisilamu wonenezayo ndiye amabweretsa umboni. Ngakhale wolakwadi ayenera kulandira chilango cholingana ndi mlandu wake, osaonjezerapo chifukwa cha umphawi.

Choncho mnzathu akamangidwa, tisathamangire kumwaza chithunzi chake pa WhatsApp. Tiperekeze makolo ake ku Legal Aid, tiwauze kuti belo ya kupolisi ndi yaulere, ndipo tsiku la mlandu tikakhale nawo kukhoti. Inu amene mukuphunzira zamalamulo, konzani niya kuyambira pano: padzakhale milandu ina imene mudzaimire popanda kuyang'ana thumba la munthu.

Allah atipange kukhala a Haruna kwa amene alibe wowayankhulira. Ameen.