Galimoto Ikagwa, Mlandu Uli pa Yani?

Aphunzitsi okondedwa, ana anu a ku Madziabango amaona tsiku ndi tsiku malole akutsetsereka kulinga ku Chikwawa. A ku Lirangwe nawonso amaona magalimoto pa mseu wa M1 akuthamangira ku Zalewa. Imodzi ikagwa, anthu afulumira kunena kuti, "Wolakwa ndi dalaivala." Kodi mlandu wonse uli pa iye yekha?

Taganizani za munthu wolembedwa ntchito yoyendetsa minibasi. Mwini galimoto amlamula kubweretsa ndalama zakutizakuti madzulo alionse. Matayala atha, mabuleki sagwira bwino. Akadandaula, ayankhidwa kuti ofuna ntchito ngambiri. Popeza ali ndi ana ofuna nsima, anyamuka mbandakucha, naweruka usiku, tulo tili m'maso. Tsiku la ngozi mwini galimoto ali kunyumba, manja ake ooneka oyera.

Werengani ndi ana Deuteronomo 22:8. Nyumba za Aisrayeli zinali ndi madenga athyathyathya, ndipo anthu ankakhala pamwamba pake. Mwini nyumba analamulidwa kutchinga m'mphepete mwa denga. Munthu akagwa, mlandu wa mwazi unafikira amene sanatchinge, ngakhale sanamkankhe. Dziko lathu nalonso, m'lamulo la 1997 la chitetezo ndi umoyo wa anthu pa ntchito, linasenzetsa wolemba ntchito udindo wosamala moyo wa antchito ake.

Tchinga la mwini galimoto ndi ili: kukonzetsa mabuleki ndi matayala ulendo usanayambe, kupatsa dalaivala nthawi yogona, kusamsenzetsa katundu wopitirira muyeso, ndi kusamlanga akakana kuyendetsa galimoto yowonongeka. Tisanene kuti dalaivala alibe wake mlandu. Akamwa mowa, akaseweretsa foni, kapena akathamanga mwa chibwana, adzayankha yekha. Koma kulakwa kwa wotumidwa sikufafaniza kulakwa kwa womtuma.

Tidziyesenso ife eni. Tikachita hayala lole ya ku maliro kapena ya kwaya, kodi sitidzazamo anthu mpaka ena kulendewera? Kodi sitikakamiza dalaivala kubwerera usiku womwewo, atayendetsa tsiku lonse? Pamenepo omtuma ndife.

Pakati pa ana mukuwaphunzitsawo pali odzayendetsa magalimoto, ndi ena odzalemba anzawo ntchito. Akumbutseni mwambi wa makolo wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Potsiriza afunseni: mukadakhala mwini lole, ndipo woyendetsa ndi atate wanu, mukadawalola kutsika phiri la ku Chikwawa ndi mabuleki otha?